Mtedza wa m'beseni lofiira

"Mayi, ponyani msanga, anzanu akudikira kumbuyoko."

Mtsikana amene ananena mawuwa sanandiyang'ane n'komwe. Maso ake anali pa foni. Ine ndinaima chilili, njere ya mtedza ili m'dzanja, itanyowa ndi thukuta. Patsogolo panga panali mabeseni awiri. Lobiriwira, lapulasitiki, analikhazika pa tebulo loyalidwa nsalu yoyera. Lofiira, lachitsulo, analiika pansi, pafupi ndi mpando wa a Enoki, kapitawo wa pa esiteti pomwe tinkalima fodya. A Enoki anali ataponda m'mphepete mwa beseni lofiiralo ndi nsapato yawo, ngati munthu amene akungopumitsa mwendo.

Ine ndine Anasi. Kwathu ndi ku Phalombe, koma nthawi imeneyo n'kuti ine ndi amuna anga, a Kefasi, tili matenanti pa esiteti ina kufupi ndi Chiosya, kuno ku Mchinji. Mwana wathu woyamba, Tiyamike, anali mu sitandade eyiti pa sukulu ya pa esiteti pomwepo. Sukuluyo anamanga ndi mwini esiteti, koma linkaiyendetsa ndi bungwe lina loyang'anira masukulu angapo a m'maesiteti. Mkulu wa bungwelo anali a Jonasi, omwe aliyense ankangowatchula kuti a Dayirekita. Tsiku limenelo anabwera pa galimoto yoyera kudzachita chomwe iwo ankati kafukufuku wofuna kumva maganizo a makolo.

Anatiuza kuti poti ambiri mwa ife sitidziwa kulemba, atikonzera njira yophweka. Iwo akawerenga funso, wokhutira aponye mtedza wake m'beseni lobiriwira, wosakhutira aponye m'lofiira.

"Palibe amene alembedwe dzina," anatero a Jonasi. "Khalani omasuka."

Zoonadi, mayina sanalembe. Panali nkhope zathu zokha, pabwalo la sukulu, dzuwa likuswa mtengo, kapitawo ali pompo.

Pafupifupi tonse amene tinasonkhana tinabwera pa lole ya esiteti. Makolo a m'midzi yozungulira, omwe amalima minda yawoyawo ndipo saopa kapitawo wa munthu, uthenga sunawafike. Mwa iwo anabwera mmodzi yekha, mnzanga Malita, chifukwa ndinamutsina khutu dzulo lake pa chigayo.

Funso loyamba linali lakuti, "Kodi ndinu okondwa kuti ana anu ali ndi sukulu pafupi?" Ndani akanakana? Tinafola tonse, mtedza uli waa m'beseni lobiriwira. Lachiwiri linati, "Kodi mukufuna kuti ana apitirize kumwa phala m'mawa?" Ngakhale wamisala sakanaponya kofiira. Apa m'pamene ndinazindikira kuti mafunsowa anabwera ndi mayankho ake m'thumba.

Zimene zinandikweza lole m'mawa umenewo zinali zina. Mphepo itasasula chigafa chachikulu cha esiteti m'mwezi wa Febuluwale, mwini esiteti analamula kuti fodya asungidwe ku sukulu. Anatulutsa madesiki m'makalasi awiri, ya sitandade seveni ndi ya sitandade eyiti, n'kudzazamo fodya mpaka kudenga. Ana anasamukira pansi pa mtengo wa malaina. Mvula ikangowaza, aphunzitsi awo, a Lonjezo, ankawathamangitsira pa khonde la makalasi omwewo, pomwe fungo la fodya linkatuluka m'mazenera n'kuwatsamwitsa. Ikalimba, ankawawerutsa. Mayeso aboma anali atatsala miyezi iwiri, ndipo Tiyamike anali atayamba kutsokomola chifuwa chouma chosamva mankhwala a pa golosale.

Ndiye funso lachiwiri litatha, ndinakweza dzanja. Ndinalikweza m'mwamba ndithu, ngati mwana wasukulu. Mnyamata wina wa bungwelo anandiyandikira ndi kamera n'kundijambula, ine n'kuseka chifukwa cha manyazi.

"Mafunso kumapeto, mayi," anatero a Jonasi mwaulemu. "Tipatsana mpata wokwanira."

Kenako anawerenga funso lachitatu: "Kodi mukukhutira ndi utsogoleri wa sukulu ino komanso wa bungwe lathu?"

Pa funso limeneli ndi pamene ndinaima ndi mtedza wonyowa uja, mtsikana akundifulumizitsa. Onse a patsogolo panga anali ataponya kobiriwira, amuna anga omwe. Ndinayang'ana makalasi aja. Zitseko zake zinali zokhomedwa ndi maloko atsopano, ndipo m'mazenera munali mutapachikidwa masaka kuti alendo asaone za m'kati. Ndinawerama n'kuponya pafupi ndi nsapato ya a Enoki.

Ngwee!

Sindinkadziwa kuti njere imodzi ya mtedza ingalire chotero. Beseni lopanda kanthu lija linalira ngati belu la tchalitchi, ndipo bwalo lonse linati zii. A Enoki anachotsa phazi lawo pang'onopang'ono n'kundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Amake Tiya," anatero motsitsa, "kani."

Ndikubwerera pamalo panga ndinamva beseni lija likuliranso. Anali Malita. Kenako linalira kachitatu, kachinayi, n'kumapitirira. Sindinatembenuke kuti ndione anthu ake, ndinkaopa kuwapereka ndi maso anga. Koma makutu anga anamva, ndipo linalira kambirimbiri.

Mpata wa mafunso uja sunabwere. A Jonasi anayang'ana wotchi yawo n'kunena kuti akudikiridwa pa sukulu ina. Mtsikana uja anatenga jumbo yakuda, n'kukhuthuliramo beseni lobiriwira, kenako lofiira, m'jumbo imodzimodziyo.

"Iwe mwana," anafuula Malita, "nanga mukasiyanitsa bwanji?"

"Ndajambula pa foni, amayi. Tikawerengera ku ofesi."

Galimoto ikutembenuka pa geti, ndinaona dalaivala akupisa dzanja m'jumbo muja n'kuponya mtedza m'kamwa.

Madzulo a tsikulo, ine ndi a Kefasi tinkasoka fodya m'kachigafa kathu. Singano yokha ndiyo inkamveka ikuboola masamba.

"Ukudziwa kuti pano si kwanu?" anatero a Kefasi.

"Ndikudziwa."

"Munda ndi wawo. Nyumba ndi yawo. Chimanga chimene tadya lero chachokera m'nkhokwe mwawo. Iwe n'kukawaliza beseni pamaso pa anthu?"

"Anatifunsa okha, bambo a Tiya. Ine sindinawaitane."

"Anatifunsa!" Anaseka mowawa. "Bwana akakufunsa kuti wakhuta, umavomera basi, ngakhale m'mimba mukulira."

"Nanga mwanayu akalemba chiyani pa mayeso? Fungo la fodya?"

Anapitiriza kusoka, koma ndinaona kuti akuboola malo olakwika, masamba akung'ambika. Sabata yotsatira, tsiku lolandira phoso, mabanja ena anapatsidwa chimanga. Ife a Enoki anatipatsa gaga, ati chimanga chathera pa amene anali patsogolo.

Chifuwa cha Tiyamike chitakula, ndinamutengera ku chipatala ku Boma. Adokotala anamupatsa mankhwala n'kutiuza kuti asamakhale pamalo pa fumbi kapena utsi. Ndinangovomera. Tikuyenda kubwerera kokwerera minibasi, mwanayo anaima mwadzidzidzi n'kundigwira mkono.

"Amayi, taonani uko."

Pa khoma la nyumba ina yopakidwa penti yachikasu panali chinsalu chachikulu kuposa chitseko. Pa chinsalupo panali ine. Duku langa lamaluwa, mano onse pamtunda, dzanja lili m'mwamba. Kumbuyo kwanga makalasi aja sankaoneka, anawadula. Ine sukulu ndinalekera sitandade folo, zilembo ndimaziwerenga mochita kukwawa, ndiye anandiwerengera ndi Tiyamike.

"Akuti, 'Makolo nayinte eyiti pa handiredi alionse akuti: Ndife okhutira ndi utsogoleri wa masukulu athu!'"

Anthu ankadutsa ndi njinga zawo. Mayi wina wogulitsa nthochi anayang'ana chinsalucho, n'kuyang'ana ine, n'kuyamba kuseka mokondwera.

"Ndinu amene! Mwatchukatu, amayi!"

Sindikumbukira kuti ndinadutsa bwanji pa geti. Mlonda anayesa kundiletsa, koma atandiyang'anitsitsa nayenso anandizindikira, n'kunditsegulira chitseko mwaulemu ngati ndine mwini ofesi. Inali ofesi ya bungwe lija.

A Jonasi anatilandira ndi manja awiri. Anatikhazika pa mipando yofewa, n'kutuma munthu kuti atigulire zoziziritsa kukhosi. Anali munthu woyankhula mofatsa, wa mawu okoma, woti akamakuyankhula umayamba kudzikayikira wekha.

"Mwabwera kudzaona chithunzi chanu? Chakongolatu. Anthu a ku Lilongwe achikonda kwambiri."

"Bwana, dzanja limene lili panjapo ndinakweza kuti ndidandaule."

"Pa chithunzi sipamveka mawu, mayi. Pamaoneka kholo lomwe likutenga nawo mbali. Zimenezo n'zimene timafuna."

"Ine ndinaponya kofiira."

"Ndikudziwa. Ndipo mawu anu sanatayike. Mwaona kuti sitinalembe handiredi? Awiri otsalawo, mmodzi ndinu."

"Wachiwiri ndi Malita. Nanga ena aja? Masamu a pa handiredi sindiwadziwa, koma beseni lija ndinalimva likulira. Ndipo mtedzawo anausakaniza ife tikuona. Wina anadya adalaivala anu."

Anaseka pang'ono, osati mondinyoza, koma ngati mmene amasekera munthu wamkulu mwana akafunsa chifukwa chake mwezi ukumutsatira.

"Masukulu athu ndi angapo, mayi. Tikaphatikiza onse, chiwerengero chimasintha. Pali njira zake zowerengera."

"Nanga bwanji simunatifunse za fodya ali m'makalasi?"

Apa nkhope yawo inasintha. Anadzuka n'kukatseka chitseko, n'kubwera kudzakhala pafupi nane.

"Ndikuuzeni zoona, poti mwafika. Phala lija siligwa kumwamba. Mabuku aja sagwa kumwamba. Amene amatithandiza amafuna kuona kuti makolo akukondwa. Chiwerengero chikatsika, amasamutsira thandizo ku boma lina. Ndiye ndikufunseni, mukufuna kuti ana onse aja asiye kumwa phala chifukwa cha makalasi awiri? Ndipo nyumba za sukulu ija si zanga. Ndi za mwini esiteti, yemwenso ndi wapampando wa komiti. Ndikamukwiyitsa, mawa akhoza kutseka sukulu yonse n'kuikamo mathalakitala. Ine ndikuyenda pa ulusi, mayi. Inu mukuona fodya yekha."

Mwina mwa zimene ananenazo zina zinali zoona. Mpaka lero sindidziwa. Koma nthawi yonse imene ankayankhula, Tiyamike ankatsokomolera m'chitenje changa, ndipo iwo sanamucheukire ngakhale kamodzi.

"Ndiye mukanangolemba nokha nambala yanuyo," ndinatero. "Munatiyikiranji padzuwa?"

Anangoti fodya achotsedwa posachedwa, msika ukangotsegulidwa. Potiperekeza anandifunsa dzina la amuna anga. Ndinawauza, chifukwa sindinaphunzire kubisa dzina la mwamuna wanga. Chakumwa changa ndinachisiya pa tebulo chosatsegula.

Patapita masabata angapo tinamva kuti kukubwera alendo a ku Lilongwe, oimira amene amathandiza bungwelo, kudzaona sukulu yomwe makolo ake ali okhutira koposa. Kutatsala tsiku limodzi kuti alendowo afike, thalakitala inagwira ntchito tsiku lonse kusamutsira fodya kuseri kwa tchalitchi, komwe anamufunditsa malona. Amuna onse a pa esiteti anatumidwa kukakolopa ndi kupaka laimu. Madesiki anabwerera. Kwa nthawi yoyamba chichokereni Febuluwale, Tiyamike anakhala pansi pa denga la kalasi yake.

Malita anali atayenda khomo ndi khomo m'mudzi mwawo, ndipo ulendo uno makolo a kumudzi anabwera ambiri, osaitanidwa. "Lero akatimva," anandinong'oneza. "Awa ndi Amalawi anzathu, Chichewa amachimva. Palibe wotanthauzira amene atipotozere mawu."

Ndinkaganiza kuti a Jonasi andibisa kumbuyo. Ndinalakwa. Ana atatha kuimba, a hedi atatha kuwerenga mawu awo, a Jonasi anatenga chimkuzamawu n'kundiitana ndi dzina.

"Alendo athu, mayi amene munawaona pa chithunzi aja ndi awa. Tiwapatse mpata ayankhule m'malo mwa makolo."

Mwina ankayesa kuti gaga uja wandiphunzitsa. Mwina ankadziwa kale mmene zithere. Ndinayenda kupita kutsogolo. Pa mipando ya patsogolo panali mayi wovala magalasi, wa msinkhu wanga, amene ankaoneka kuti ndiye mtsogoleri wa alendowo. Ndinasankha kuyang'ana iyeyo.

"Ine ndine wa pa chinsalu chija," ndinayamba. "Koma ndinaponya kofiira. Makalasi amene mwalowamo aja, dzulo m'mawa munali fodya. Ana athu akhala pansi pa mtengo uwo mvula yonseyi. Ngati mukuti ndikunama, pitani kuseri kwa tchalitchi mukavundukule malona. Kapena bwererani m'kalasimo mukanunkhize khoma, laimu sabisa fungo. Mafunso amene anatifunsa anali oti sungakane. Mtedza wathu anausakaniza. Makolo a kumudzi awa sanafunsidwe n'komwe. Nambala imene anakutumizirani ija si yathu."

Makolo a kumudzi anaombera m'manja, Malita akululutira. Matenanti anzanga anazolika, maso pansi. A Enoki anali ataima pambali, manja kumbuyo.

Kenako ndinamva mawu amene sindinkawayembekezera. A Kefasi anali ataimirira pakati pa amuna anzawo, chipewa chili m'manja, laimu wa dzulo akadali m'zikhadabo.

"Akunena zoona," anatero. "Fodyayo ndanyamula nawo ndine."

Anangonena zomwezo n'kukhala pansi.

Ndinati basi, zatheka. Mayi wa magalasi uja analemba kanthu m'kabuku kake, kenako anaimirira n'kupempha chimkuzamawu. Anandigwira dzanja, n'kulikweza m'mwamba pamodzi ndi lake.

"Ndayenda m'masukulu ambiri," anatero, "koma zimene ndaona pano n'zosowa. Mayi wa kumudzi kuimirira pamaso pa atsogoleri ake n'kuyankhula zakukhosi mopanda mantha! Bambo kuimirira kuikira kumbuyo mkazi wake! Izi zimachitika pokhapokha pamene utsogoleri uli womasuka, womvera anthu. A Dayirekita, mukanatha kuwabisa mayiwa, koma mwawaitana nokha. Tiwaombere m'manja a Dayirekita."

Anthu anaomba. A Jonasi anaweramitsa mutu modzichepetsa.

"Nanga fodya uja, mayi?" ndinafunsa, koma chimkuzamawu chinali chitachoka kale pakamwa panga.

"Zimenezo ndi zovuta zazing'ono zomwe a komiti akonza," anandiyankha chapansipansi, akundisisita paphewa. "Talemba, amayi. Musadandaule, talemba."

Malita anafuula kuti apite kuseri kwa tchalitchi, ndi pafupi pomwepa. Mmodzi wa alendowo anayang'ana thambo n'kunena kuti mvula ikubwera ndipo msewu wa fumbi uja ukaterera sangatulukemo. Anandipatsa chitenje cholembedwa dzina la bungwe, anandijambulanso, n'kukwera magalimoto awo. Kutchalitchi sanapiteko. M'kalasi sanabwereremo.

M'mawa mwake thalakitala inabweza fodya yense.

Sabata isanathe, a Lonjezo analandira kalata yowasamutsira ku sukulu ina ya kumalire, ati ndiwo ankatiuza zoyankhula. Munthuyo sanandiuzepo kanthu chibadwire, kupatula kundipatsa moni ndi kundiuza kuti Tiyamike ali ndi mutu wa masamu. Anabwera kudzatsanzika ana pansi pa mtengo paja, katundu wawo ali kale pa njinga. Kuyambira tsiku limenelo mpaka tsiku la mayeso, sitandade eyiti inalibe mphunzitsi. A hedi ankangobwera kudzalemba ntchito pa bolodi lotsamiritsidwa ku mtengo n'kubwerera ku ofesi.

Fodya anachoka m'makalasi msika utatsegulidwa, monga a Jonasi analonjezera. Ana analembera mayeso awo m'kalasi yabwino, youma, ya laimu watsopano.

Ife a Enoki anatipeza tikuzula mapesi a fodya m'munda.

"A Kefasi, abwana akuti chaka chamawa achepetsa matenanti. Munda uno aupereka kwa ena. Nyumba ija ikufunika mwezi uno usanathe."

"Achepetsa angati?" anafunsa amuna anga.

"Pakadali pano, banja limodzi."

A Kefasi anagwedeza mutu n'kupitiriza kuzula. Sanandidzudzule tsiku limenelo, ngakhale tsiku lina lililonse pambuyo pake. Nthawi zina ndimalakalaka akanandikalipira, mwina zikanandipepukira.

Ku Phalombe kunalibe munda woti tibwerereko. Malita anatipezera kanyumba m'mudzi mwawo, komwe kanali kosungiramo mtedza. A Kefasi anayamba kuyenda m'maganyu. Ine ndinayamba kukazinga mandasi n'kumagulitsa m'mphepete mwa msewu, pomwe amaima a kabaza.

Zotsatira za mayeso zinatuluka nyengo yotentha. Tiyamike anakhoza, koma sanasankhidwe kupita ku sekondale iliyonse. M'kalasi mwawo monse simunasankhidwe mwana ngakhale mmodzi. Mwezi womwewo Malita anamva kwa mlonda wa ku ofesi kuja kuti a Jonasi akwezedwa, apita ku likulu la bungwelo ku Lilongwe kukaphunzitsa anzawo a m'maboma ena njira yomvera maganizo a makolo. Ati njira ya mtedza ija yayamikiridwa kwambiri, chifukwa ndi yoyenera anthu osadziwa kulemba.

Ndinamupempha Tiyamike kuti abwereze sitandade eyiti pa sukulu ya boma ya kutsidya kwa dambo. Anakana.

"Amayi, ndikabwereza, azing'ono angawa adya chiyani? Atate ganyu sakuipeza tsiku lililonse."

"Zimenezo si zako. Ndi zathu."

"Zakhala zanga kuyambira kale," anatero, osakweza mawu.

Mchemwali wake wa Malita, yemwe amachita geni yodutsa malire, anamupezera ntchito yolera mwana ku Chipata. Ndinalimbana nazo masabata angapo, kenako ndinagonja. Tiyamike anali ndi zaka fifitini.

M'mawa wa tsiku lonyamuka, ndikuchokera kotunga madzi, ndinamupeza atakhala pa mkeka pakhonde, atasamba kale, kachikwama kake kali pambali. Patsogolo pake panali makope ake onse a sitandade eyiti. Anali atachotsa zikuto, ndipo ankang'amba masamba limodzilimodzi.

"Ukutani, mwana iwe?"

"Mapepala okulungira mandasi mumagula, amayi. Awa akufikitsani mpaka Khirisimasi."

Ndinatula ndowa. Ndinafuna kumulanda, koma manja anga anakana. Ndinangokhala pansi pafupi naye n'kumayang'ana. Tsamba lililonse ankalipinda pakati, n'kukanikiza ndi chikhadabo kuti mzere uwongoke, kenako n'kuling'amba mosamala kuti lisapotoke. Zilembo zake zozungulira bwino zija zinkagawika pakati, pamodzi ndi machongi ofiira a aphunzitsi ake. Wa kabaza anafika n'kuyamba kuliza belu pa msewu, koma iye sanafulumire. Anamaliza kope lomaliza, n'kusanja mapepalawo m'milu, n'kuika kamwala pamwamba pa mulu uliwonse kuti mphepo isawauluze: a masamu paokha, a Chingerezi paokha, a sayansi paokha.